Kapena Phulusa

Mayiwo anagwidwa ndi kapaketi kamodzi ka safu, kaja kakang'onong'ono kamene ukasamala umachapira kawiri. Linali Loweruka masana m'sitolo ina yaikulu mumzinda wa Lilongwe, ndipo ine ndinali wachitatu pamzere wolipira. Mlonda anawaimitsa pakhomo. "Mayi, tamasulani kaye chitenje cha m'chiunocho." Sanakane, sanathawe. Kapaketiko kanagwera pakati pa mapazi awo, mwana ali m'tulo kumsana. Posakhalitsa mafoni anali atatuluka m'matumba, aliyense akufuna kujambula nkhope ya mbava. Bambo wina wovala taye amene anali patsogolo panga anapukusa mutu n'kuyankhula mokweza kuti tonse timve: "Akanaba ufa tikanamvetsa, njala ndi njala. Koma safu? Uku n'kufuna zapamwamba basi. Kumudzi anthu amachapira phulusa."

Ine sindinanene kanthu. M'basiketi mwanga munali paketi yaikulu ya safu yemweyo. Mayiwo anawatengera m'kachipinda ka kuseri, mzere unasuntha, ndinalipira, mlonda yemwe uja anachonga lisiti langa, ndinapita kunyumba kukachapa.

Mawu a bambo wa taye uja akhala akundisowetsa mtendere kuyambira tsikulo, ndipo chifukwa chake si nkhanza zake zokha. Chimene chimandiwawa n'choti mawuwo ndinawalembapo ndekha, ndi dzanja langali, kambirimbiri, ndipo ndinalipidwa. Ntchito yanga ndi yomasulira. M'masiku a Covid-19, komanso pamene kolera inabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndinamasulira mapositala, timapepala ndi mauthenga a pawailesi osawerengeka. Pafupifupi paliponse panali chiganizo ichi: sambani m'manja ndi sopo kapena phulusa.

Taganizirani za liwu lakuti "kapena". Pachichewa chathu limalumikiza zinthu ziwiri zimene munthu angasankhepo mwaufulu: mumwa tiyi kapena thobwa? Mupita lero kapena mawa? Koma m'chiganizo chimene chija mulibe kusankha. Palibe munthu amene ali ndi sopo pafupi n'kunena kuti lero ndasankha phulusa. Amene analemba chiganizocho m'Chingerezi sanasambepo m'manja ndi phulusa. Kuchimbudzi cha ofesi imene ndinkakapereka ntchito kunali sopo wamadzi wonunkhira mandimu. "Kapena" ameneyu ndi mpanda. Mbali ino kuli anthu a sopo, mbali inayo kuli anthu a phulusa, ndipo ife omasulira tinapatsidwa ntchito youpaka laimu mpandawo kuti uzioneka ngati malangizo a zaumoyo. Ndikulemba nkhani ino pofuna kutsutsana ndi mpanda umenewu, komanso ndi onse amene, akaona mtengo wa sopo ukukwera, ali ndi mayankho awiri okha: kuwonjezera alonda pakhomo ndi kuphunzitsa amphawi kuchapira masamba.

Tiyambe ndi mtengowo, popeza ena amayankhula ngati sopo anakwera yekha monga umasefukira mtsinje. Mu May 2022 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti. Dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700 usiku umodzi. Sopo ndi katundu wa dola, ngakhale pepala lake litalembedwa kuti wapangidwa ku Blantyre. Wamtanda amapangidwa ndi mafuta a kanjedza, amene ochuluka pa dziko lonse amachokera ku Indonesia ndi Malaysia, kusakaniza ndi kositiki soda woitanitsa kunja. Safu mphamvu yake yochotsa litsiro imachokera ku mankhwala opangidwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, omwewa amatipatsa petulo. Choncho nkhondo itayamba ku Ukraine mu 2022, Indonesia n'kuletsa kwa milungu itatu kugulitsa mafuta ake a kanjedza kunja mu April chaka chomwecho, beseni la mayi wa ku Mtandire linamva. Kuwonjezera apo, madola m'mabanki akasowa, woitanitsa katundu amakawagula kumsika wamseri pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mtengo wa pa shelefu amauwerengera pamenepo. Mavenda amene anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu February 2025 ankadandaula zimenezi: ukagulitsa katundu lero, ndalama yake sikwana kuodanso mawa.

Nanga malipiro? Mu February 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pa mwezi. A wantchito wa pakhomo anaikidwa pa K52,000. Ameneyutu ndi munthu amene amachapa zovala za banja lonse la abwana, mashiti, matawulo, makatani, manja ake ali m'thovu kuyambira m'mawa. Akaweruka n'kufika kwake ayenera kuwerengera ngati kapaketi ka safu kangalowe m'bajeti ya tsikulo pambali pa ufa, makala ndi bonya.

Pali chinanso chimene bambo wa taye uja sanachiganizire, ndipo ine ndinachiganizira mochedwa. Paketi yanga yaikulu ija inali yotchipa kuposa kapaketi ka mayi aja. Mukagawa mtengo ndi kulemera kwake, supuni imodzi ya safu wa m'kapaketi imadula kuposa supuni ya m'paketi ya makilogalamu awiri. Chimodzimodzi sopo wamtanda: pa okala amamudula ndi mpeni tizidutswatizidutswa, ndipo mukaphatikiza mitengo ya tizidutswato imaposa ya mtanda wathunthu. Wa okalayo sindimuda, nayenso akufuna adye. Koma zotsatira zake n'zoti amene ali ndi ndalama zochepa ndiye amalipira zambiri pa kuchapa kulikonse, monga momwe zilili ndi ufa wa walkman ndi mafuta a m'timachubu. Ine wa malipiro abwinoko ndimachotseredwa mtengo chifukwa chokhala ndi ndalama.

Tsono tifike pa funso la bamboyo. Koma safu? Inde, safu. Munthu sadya sopo, zoona, koma tauzani mwana wa Sitandade 5 amene anzake amukhalira patali m'kalasi chifukwa yunifolomu yake ikununkha thukuta la masiku atatu. Tauzani mnyamata wokafuna ganyu amene bwana amayamba wamuyang'ana kolala asanamve dzina lake. Mayi wa Mvano sangapite kumaliro bulauzi yake yoyera itasanduka yotuwa. Aona maso a anzake, ndipo mawa asankha kukhala pakhomo. Mayi woyembekezera akamakachira amauzidwa kuti anyamule beseni, zitenje ndi sopo. Pali matewera a khanda lotsekula m'mimba. Pali nsalu za mtsikana amene ali kumwezi, zimene ayenera kuchapa mobisa n'kuyanika mobisa. Pali zofunda za wodwala wosadzuka, amene akusamalidwa m'chipinda chimodzi chomwecho ana amagonamo. Dziko lathu limakhululukira munthu wanjala, nthawi zina limamupatsa ndi ufa womwe, koma munthu wauve silimukhululukira. Ukhondo ndiwo tikiti yolowera kusukulu, kuntchito, kutchalitchi ngakhale m'minibasi. Takweza mtengo wa tikitiyo, kenako tikudabwa kuti ena akulowera pawindo.

Ndipo ludzu la sopoli sitinabadwe nalo, tinachita kuphunzitsidwa. William Lever, amene anayamba kugulitsa sopo wa Sunlight ku England m'zaka za m'ma 1880, anapatsidwa malo aakulu ku Congo ya Abelgiamu mu 1911 kuti azikolola mafuta a kanjedza. Kampani yake, Huileries du Congo Belge, inamanga tauni n'kuitcha Leverville, kumene lero kumatchedwa Lusanga. Anthu ankakakamizidwa kukwera mitengo n'kudula zipatso pa malipiro a mchere, ndipo kuukira kwa Apende mu 1931, kumene asilikali anapha anthu mazanamazana, kunabukira m'dera lomwelo. Mafuta a thukuta la Aafirika ankapita ku Ulaya, n'kubwerako ali sopo wokutidwa bwino, limodzi ndi uthenga woti Mwafirika ndi wauve mpaka atagula. Amishoni, masukulu a zapakhomo ndi otsatsa malonda anagwirizana pa phunziro limeneli. Wolemba mbiri Timothy Burke anafotokoza mmene zinayendera ku Zimbabwe m'buku lake la 1996, Lifebuoy Men, Lux Women. Kuno kwathu fakitale ya Lever Brothers ku Limbe inali yodziwika ndi aliyense. Phunzirolo linalowa mpaka m'chinenero: dzina la malonda lakuti Surf linasanduka liwu lathu, safu, ndipo lero sopo aliyense wa ufa timamutcha choncho. Zaka zana tikuuzidwa kuti wochapira phulusa ndi wotsalira. Tamvera, tasiya, taiwala. Lero kwacha yagwa, ndipo anthu omwe aja a mataye akutiuza kuti phulusa ndi chikhalidwe chathu chokongola.

Ndisanamizire kuti kuba kulibe woluza. Alipo, ndipo kawirikawiri si mwini sitolo. Mlonda wina amene ndinacheza naye pa depoti anandiuza kuti katundu akasowa pa shifiti yake amamudula pa malipiro. "Achimwene, ine ndikamusiya mayiyo, ana anga ndiwo agona ndi njala." Sindinapeze chomuyankha. Mphawi waikidwa pakhomo kuti azigwira mphawi mnzake, onse awiri akulimbirana kapaketi kamodzi. Wa okala amene mpamba wake wonse ndi katoni imodzi ya sopo, akaberedwa mitanda iwiri phindu la sabata lapita.

Aliponso akuba sopo amene sakufuna kuchapa. Ku America cha m'ma 2012 ndi 2013 manyuzipepala anadzaza ndi nkhani ya sopo wamadzi wa Tide. Apolisi a ku Prince George's County m'chigawo cha Maryland anapeza magulu amene ankadzaza matolole ndi mabotolo a sopoyu n'kuthawa nawo, kukagulitsa motchipa m'makwalala ndi m'timasitolo ting'onoting'ono, ena mpaka kusinthanitsa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chifukwa chake n'chosavuta: sopo saola, alibe nambala yomulondolera ngati foni, ndipo khomo lililonse limamufuna. Ku England ndi Wales milandu ya kuba m'masitolo imene apolisi analemba inaposa theka la miliyoni mu 2024. Msuweni wanga amene amasamalira okalamba kumeneko ananditumizira chithunzi cha botolo la sopo wochapira litamangidwa kachipangizo kolira pakhomo, ngati kuti ndi kachasu wa mabwana. Ena amatenga nkhani ngati zimenezi n'kunena kuti mwaona, ndi umbava chabe, umphawi sukukhudzidwa. Ine ndimafunsa: nanga wogula sopo wobedwayo ndani? Msika wa katundu wakuba umakula pamene anthu olungama, opita kutchalitchi, alephera mtengo wa pa shelefu n'kusiya kufunsa kumene katundu wachokera. Ngakhale mbava yeniyeni ikuuza dziko za mtengo wa sopo.

Kusiyana kwake n'koti kumeneko amamanga botolo, kuno timamanga munthu, ngati wachita mwayi. M'misika yathu mfuu yakuti "Wakuba!" ikhoza kuthera pa tayala ndi petulo, ndipo ponena izi sindikukokomeza, aliyense wa ife anamvapo kapena kuonapo. Wopulumuka gulu akafika kukhoti, lamulo limalola chilango cha zaka mpaka zisanu pa mlandu wa kuba. Kenako amapita kundende zimene zimasunga anthu ochuluka kuwirikiza kawiri kuposa amene zinamangidwira, zimene Khoti Lalikulu linagamula kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kwake n'kuphwanya ufulu wa munthu. Mmenemo mphere ndi nsabwe ndiye eni nyumba, ndipo sopo amadikira achibale kapena a mpingo. Wakuba sopo timamutumiza kumalo kumene sopo kulibiretu, n'kumamudyetsa ndi misonkho yathu ndalama zoposa mtengo wa kapaketi kaja kambirimbiri. Za Cashgate ya 2013 sindinena zambiri. Mabiliyoni anatuluka ku Capital Hill, milandu ina inatenga zaka ndi zaka, ndipo sindikumbukira kuti wina anauzidwa kumasula lamba pakhomo anthu akujambula. Kwa amenewo tili ndi mwambi wowakhululukira, woti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mayi wa chitenje alibe mwambi.

Tsopano za phulusalo. Pano ndiyenera kusamala, chifukwa sindikufuna kunyoza agogo anga. Iwo ankadziwa zinthu. Ankatentha zitsononkho ndi makoko a mtedza, n'kuika phulusalo m'chiphika chobowola, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono. Chidulo chimenecho chinkafewetsa therere, chinkathanso kusungunula mafuta pa nsalu. Miphika ankakwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka kuwala. Tsitsi ankatsuka ndi masamba a chewe, oterera aja. Sopo akatha pakati pa mwezi ankafikisa masamba a papaya m'madzi n'kuchapira. Zonsezi zili ndi maziko ake. Phulusa likakumana ndi madzi limatulutsa mchere waukali umene umaswa mafuta. Ndi mmene anthu ankapangira sopo kalekale fakitale isanabwere. Papaya ali ndi utomoni umene umaswa zothimbirira za magazi ndi zakudya, ndipo opanga safu masiku ano amathiramo zinthu zogwira ntchito mofananamo. Nzeru imeneyi ndi yoyenera kuilemba ndi kuisunga.

Koma ndimakumbukiranso manja awo. Anali ong'ambika m'zala, okhakhala ngati khungwa, ndipo m'nyengo yozizira ankatuluka magazi. Chimene chimaswa mafuta pa nsalu chimaswanso mafuta a pakhungu. Ndimakumbukiranso kuti tsiku limene amalume abwera kuchokera ku Joni ndi mitanda ya sopo, agogo ankavina, ndipo masamba a papaya ankawaiwala mpaka mtanda womaliza utatha. Iwo sankachitcha chikhalidwe. Ankati kusowa.

Ndipo malangizowa akafika m'tauni amagwa chagada. Phulusa la m'tauni si laulere: ndi la makala ogula, makala omwewo amene lamulo la nkhalango lokonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango zake. Dzanja limodzi la boma likulanda matumba a makala pa rodibuloko, linalo likupachika positala yoti tisambe ndi phulusa. Mtengo wa papaya uli kuti pa poloti ya lendi ku Ndirande kapena ku Chinsapo, pamene mabanja khumi akugawana bwalo limodzi ndi chingwe chimodzi choyanikira? Kuchapira phulusa kumafuna kutsukuluza kangapo, pamene madzi ndi ogula pa kiyosiki, chidebe ndi chidebe, osenza pamutu. Malaya oyera a sukulu amatuluka otuwa, ndipo mwana uja wabwerera pomwe tinayambira. Za m'manja zija nazonso sizolimba monga tinkalembera: mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anaunika kafukufuku amene analipo pa kusamba m'manja ndi phulusa, ndipo anapeza kuti umboni wake ndi wofooka moti sungatsimikize ngati limatetezadi ku matenda. Ife tinali titasindikiza kale.

Ndiye pali maphikidwe a pa intaneti, amene achinyamata ophunzira amatumizirana pa WhatsApp ndi mtima wabwino. Palani sopo wamtanda, sakanizani ndi borax ndi soda wochapira, mupulumutsa ndalama. Borax mukamugula pa okala iti? Sopo wopalayo mwamutenga kuti, si yemweyo tikulira mtengo wake? Maphikidwewa analembedwera munthu wa ku Ohio amene ali ndi makina ochapira ndi madzi otentha a pampopi. Amakondanso kunena kuti sakanizani viniga ndi soda. Zimachita thovu lochititsa chidwi, koma thovulo ndi mpweya chabe. Chowawasa ndi chaukali zikakumana zimaphana mphamvu, chotsala ndi madzi a mchere. Palibenso amene amatchula za madzi a pa mjigo. M'madera ambiri madziwa ali ndi miyala yosungunuka imene imagwirana ndi sopo wamtanda n'kupanga zoyera zoyandama zija m'malo mwa thovu, moti umatha theka la mtanda nsalu isanayere. Safu anapangidwa kuti azigwira ntchito ngakhale m'madzi otero. Mayi amene amalimbikira safu sakufuna zapamwamba. Amadziwa madzi ake kuposa bambo wa taye.

Maphunziro opanga sopo pakhomo, amene mabungwe amawakonda chifukwa zithunzi zake zimakongola m'malipoti, ali ndi vuto lomwelo. Amafuna mafuta, pamene banjalo likudya ndiwo zongowiritsa chifukwa mafuta ophikira adula. Amafuna kositiki soda, amene ndi wa dola, amatentha khungu, amachititsa khungu akagwera m'maso, ndipo amaoneka ngati shuga kwa mwana wokwawa m'nyumba ya chipinda chimodzi. Amayi a ku Karonga amene amapanga sopo ndi mafuta a mawese akuchita ntchito yeniyeni, ndipo akanayenera kupatsidwa mpamba, zida zodzitetezera ndi msika. Koma imeneyo ndi ntchito ya anthu oidziwa. Kuuza khomo lililonse kuti lisanduke fakitale kuli ngati kuuza aliyense wodandaula mtengo wa minibasi kuti awete bulu.

Onani bwino amene amapereka malangizowa ndi amene amawalandira. Opereka ndi abambo a pa wailesi, alangizi a m'maofesi, olemba nkhani ngati ine. Olandira ndi amayi ndi atsikana, chifukwa beseni m'dziko muno lili ndi mwini wake. "Njira yotchipa" iliyonse imatchipa chifukwa mtengo wake wasamutsidwa kuchoka m'thumba kupita pa msana, pa zala ndi pa maola a munthu wamkazi, ndipo zimenezo palibe amene amaziwerengera. Zochenjera zenizeni zosungira sopo amayiwa anazitulukira kale popanda semina: kunyika zovala usiku, kuumitsa mtanda padzuwa kuti usasungunuke msanga, kusonkhanitsa tizidutswa totsala m'sokosi yakale, kuchapira zoyera kaye kenako zakuda m'madzi omwewo, n'kumaliza ndi kukolopera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene wafika pobisa kapaketi m'chitenje wadutsa kale zonsezi.

Wina afunsa kuti ndiye tichite chiyani, boma lilamule mtengo? Anzathu a ku Zimbabwe anayesa mu 2007: boma linalamula kuti mitengo itsitsidwe ndi theka, eni masitolo ena anamangidwa, ndipo m'milungu yochepa mashelefu anali mbee. Anthu ankakwera mabasi kukagula sopo wobiriwira ku Musina ndi ku Francistown. Kukalipira mtengo sikuutsitsa. Chimene ndikufuna n'choti sopo awerengedwe m'gulu limene timaikamo mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala pamene madola ochepawo akugawidwa, chifukwa dziko limene laika m'manda anthu oposa 1,700 ndi kolera silinganene kuti sopo ndi nkhani ya kukhitchini. Ndikufuna sopo akhale ndi mzere wakewake m'bajeti ya sukulu, ya chipatala ndi ya ndende, osadikira mlendo wobwera ndi kamera. Zopangira zina zili pafupi: ku Sua Pan ku Botswana amakumba soda amene amalowa mu safu, ndipo ife timalima mpendadzuwa, soya, thonje ndi mtedza. Ku Lusaka kampani ya Trade Kings inayamba mu 1995 ndi sopo waphala wa Boom, ndipo lero ali m'mabeseni a mayiko angapo, kuphatikizapo lathu. Sizinagwe kumwamba. Ndikufunanso kuti eni masitolo aleke kuonetsa anthu ngati nyama ya pa mbedza. Wagwidwa, abweze katundu, alembedwe, achenjezedwe, koma chitenje cha mayi chisamasulidwe pagulu, ndipo mlonda asadulidwe malipiro pa mlandu wa kwacha. Ife a mafoni tibweze mafoniwo m'matumba. Kanema wa mayi ngati aja amafika kwa aphunzitsi a mwana wawo dzuwa lisanalowe.

Mwezi watha ndinalandiranso ntchito ya positala ya zaukhondo kuchokera ku bungwe lina. Chiganizo chija chinalimo. Ulendo uno ndinalemba kandemanga m'mbali, mwaulemu, kufunsa ngati tingachotse mawu awiri omalizawo, kapena kulemba mosabisa kuti phulusa ndi la pamene zavutitsitsa ndipo silifanana ndi sopo. Yankho linabwera tsiku lomwelo: uthengawo unavomerezedwa kale ndi akuluakulu, womasulira asasinthe tanthauzo. Ndinamasulira monga analembera. Ndalama inalowa patatha milungu itatu, ndipo ina ndinagulira paketi yaikulu ya safu.

Positalayo ndinaiona Lachiwiri lapitali pa chipatala china chaching'ono kumene ndinaperekeza mlamu wanga kusikelo. Aikhoma bwino pamwamba pa ndowa ya kampopi, Chichewa chake chosalala, kalembedwe kopanda cholakwa. Pambali pa ndowayo pakulendewera kachingwe kamene kale ankamangirira sopo kuti anthu asabe. Phulusa nalonso panalibe.